Kodi Sitolo Iyenera Kulowa M'manda Limodzi ndi Mwini Wake?

Aliyense wolowa m'tauni ya Mangochi amaona nsanja ya wotchi imene idamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, pamene malowa ankatchedwa Fort Johnston. Njerwa zake zapirira dzuwa ndi mvula kwa zaka zoposa 120. Koma titati tiyende kuchoka pa nsanjayo kupita kumsika, kenako ku Namwera, ku Malindi ndi ku Monkey Bay, kufunafuna sitolo imene adatsegula ndi agogo, ana n'kuiyendetsa, ndipo lero ili m'manja mwa zidzukulu, tikhoza kutuluka thukuta lambiri tisanapeze zingapo. Chikhalirecho ndife anthu amalonda. Makolo athu ankayenda ulendo wa miyezi kukagulitsa minyanga ya njovu ku Kilwa. Luso la kugula ndi kugulitsa tili nalo. Chimene chimatikanika ndi kusiyirana.

Momwe zimathera tonse tikudziwa. Mwini golosale akatsikira kulichete, mpunga, shuga ndi mafuta a pa shelefu zimadyetsa anamalira. Pofika pa sadaka, theka la katundu lapita. Kenako abale amakhala pansi: uyu atenga firiji, uyo atenga sikelo, wina injini ya boti, wina chilimira. Amene mayina awo ali m'buku la ngongole amangoti zii. Chaka chisanathe, pakhomo pali loko wadzimbiri, kapena nyumbayo yasanduka ya lendi. Aliyense walandira kenakake, koma chinthu chimene chinkadyetsa onsewo chafa.

Ku Japan kuli makampani ndi masitolo oposa 30,000 amene adutsa zaka 100, ndipo eni dziko ali ndi dzina lapadera la malonda otere: shinise. Mumzinda wa Kyoto muli kanyumba kotchedwa Ichimonjiya Wasuke, kamene kadayamba m'chaka cha 1000. Malonda ake ndi amodzi okha: timikate ta ufa wa mpunga, tobayidwa pa timitengo ta nsungwi n'kuwotchedwa pa makala. Tingati ndi mayi wa zitumbuwa amene mbumba yake sidasiye mbaula kwa zaka chikwi. Mumzinda womwewo ndi mmene mudayambira Honke Owariya, malo odyera amene chiyambi chake ndi 1465. Nyumba ya alendo ya Nishiyama Onsen Keiunkan idatsegulidwa mu 705. Ndipo kampani ya amisiri omanga ya Kongo Gumi ya ku Osaka idayamba mu 578, pamene Mtumiki wathu (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye) adali mwana wa zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu. Ntchito yawo idali yomanga akachisi a chipembedzo cha Chibuda. Si chipembedzocho chimene tikufuna kuphunzirako, koma momwe dzina limodzi lidadutsira m'manja a mibadwo makumi anayi.

Chinsinsi chawo chili ndi mbali yokoma ndi mbali yowawa. Mbali yokoma ndi yakuti mwini sitolo amadziona ngati wosunga chabe, wolandira kwa akale kuti akapereke kwa akudza. Pakhomo la sitolo amapachika kansalu kolembedwa dzina la nyumbayo, kotchedwa noren, ndipo kuipitsa kansaluko ndi chinyengo ndi manyazi aakulu kuposa kuluza ndalama. Amalonda akale a dera la Omi ankaphunzitsa kuti malonda abwino ayenera kukomera atatu: wogulitsa, wogula ndi mudzi wonse. Msilamu sangadabwe ndi zimenezi. Ife timazitcha amana, ndipo ana athu a ku madrasa amaloweza Surat Al-Mutaffifin, yochenjeza opungula miyezo, asanayambe n'kugwira sikelo komwe.

Mbali yowawa ndi iyi: masitolowa adakhalitsa chifukwa sankagawidwa. Mpaka pamene malamulo a mabanja adasinthidwa mu 1947, chuma cha nyumba chinkapita kwa mlowammalo mmodzi, kawirikawiri mwana wamwamuna woyamba, ndipo enawo ankakadzionera okha. Mwana woyambayo akakhala wopanda nzeru za malonda, kapena m'nyumba mukakhala ana aakazi okhaokha, banja linkasankha mnyamata waluso, kumukwatitsa mwana wawo, kumusintha dzina ndi kumulemba ngati mwana wobereka. Tikati banja limodzi layendetsa sitolo kwa zaka mazanamazana, tidziwe kuti nthawi zina chimene chidapitirira ndi dzina, magazi ayi.

Apa ndi pamene pagona funso lathu. Kodi n'koyenera kumana ana ena gawo lawo kuti sitolo isafe? Ife tikuti ayi, ndipo sitikunena monyinyirika. Surat An-Nisa idaika magawo omveka: mkazi wamasiye alandira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu ngati pali ana, bambo ndi mayi a malemu aliyense gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi, ana aamuna ndi aakazi onse ali ndi gawo lawo. Wasiya sapitirira gawo limodzi mwa atatu, ndipo salembedwa kuti akondere mmodzi mwa alowammalo. Kusandutsa mwana wa wina kukhala wako pa dzina ndi pa cholowa kudaletsedwa m'nkhani ya Zaid bin Haritha. Ngakhale lamulo la dziko lathu la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu. Njira ya ku Japan tsono yatsekeka kwa ife, ndipo ndi bwino kuti yatsekeka. Sitolo si munthu. Pa tsiku lachiweruzo sidzaima kudandaula kuti idaphedwa, koma mwana wamasiye adzaima.

Tisaiwalenso kuti kuno kunyanja kuli mpungwepungwe wina umene ku Japan kulibe. Mwambo wa makolo umati cholowa cha mwamuna chipite kwa mphwake, mwana wa mlongo wake; Shariya imati kwa ana ake ndi mkazi wake; boma lili ndi mawu akenso. Munthu akamwalira osalongosola kanthu, malamulo atatuwa amakumana pa mkeka umodzi, ndipo wopambana amakhala wa pakamwa pakuthwa. Mbiri nayo sidatichitire chifundo. Masitolo akuluakulu a nthawi ya atsamunda adali a Mandala, kampani imene idayamba mu 1878, ndi a Amwenye. Boma la Kamuzu litachotsa Amwenye m'madera akumidzi m'zaka za m'ma 1970, ambiri amene adalowa m'masitolomo adalandira makoma ndi mashelefu, koma osati maphunziro a mibadwo. Onjezanipo kugwa kwa kwacha, monga kuja idatsika ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Zifukwa zimenezi ndi zoona, koma sizifotokoza chifukwa chimene sitolo yoyenda bwino Lolemba imafera Lachisanu mwini wake akaikidwa.

Cholakwika chathu, m'kuona kwathu, ndi kuganiza kuti kugawa mirathi ndi kugawa zinthu. Lamulo limanena za magawo a umwini. Silinena kuti sikelo ipite kwina ndi miyala yake kwina. Ana asanu akhoza kukhala eni a boti limodzi, aliyense ndi gawo lake lodziwika, phindu n'kumagawidwa motsata magawowo. Mmodzi waluso akhoza kuyendetsa malonda m'malo mwa onse n'kumalandira gawo la phindu chifukwa cha thukuta lake, monga momwe Mtumiki adayendera ku Sham ndi mpamba wa mayi Khadija. Waluso ameneyo akhoza kukhala mwana wamkazi. Ngakhale Kongo Gumi idapulumutsidwa ndi mkazi wamasiye m'zaka za m'ma 1930. Akhoza kukhalanso mnyamata amene wakhala kuseri kwa kauntala zaka khumi, popanda kumunamizira kuti ndi mwana wa m'nyumba. A ku Keiunkan adachita zofanana ndi zimenezi mu 2017: patatha mibadwo 52, m'banja mudalibe wofuna ntchitoyo, ndipo adaipereka kwa woyang'anira wawo. Za ana aang'ono, Umar bin Al-Khattab adalangiza kuti chuma cha amasiye chizichitidwa malonda kuti zakaat isachimalize. Umar yemweyo ndi amene adaika munda wake wa ku Khaibar kukhala wakfu, wosagulitsidwa ndi wosagawidwa, zipatso zake zokha n'kumathandiza anthu.

Zonsezi zimafuna cholembera mwini wake akadali moyo, ndipo apa ndi pamene ambiri timachita mphwayi. Bambo amasunga mitengo, mayina a oodetsa katundu ku Limbe ndi nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni m'mutu mwake, poopa kuti akaphunzitsa mwana kapena kulemba wasiya ndiye kuti akudziitanira imfa. Koma ndime yaitali kwambiri m'Qur'an yonse, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ndi yolamula kulemba ngongole pamaso pa mboni. Nayo ngongole ya chiwongoladzanja tisaipeputse: Kongo Gumi idapirira nkhondo, moto ndi zivomezi, koma idagonja ndi ngongole zimene idatenga pogula malo m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2006 idalowa pansi pa kampani ya Takamatsu.

Patsala nkhani imodzi yovuta. Bwanji ngati mmodzi mwa alowammalo akufuna gawo lake lero lomwe, mwina mayi wamasiye wofuna fizi ya ana, kapena mwana wofuna ya basi yopitira ku Joni? Ufulu umenewo ndi wake, ndipo palibe shehe kapena mfumu angamukanize. Otsalawo akhoza kuitana anthu awiri odziwa malonda kuti awerengere mtengo wa zonse, kuphatikizapo ngongole zotuluka ndi zolowa, kenako n'kumugula gawo lakelo, pakamodzi kapena pang'onopang'ono ngati iye wavomera. Ngati sangakwanitse, ndipo iye sangathe kudikira, sitoloyo igulitsidwe yathunthu kwa munthu amene angaipitirize, pamodzi ndi makasitomala ake ndi buku lake, chifukwa mtengo wa sitolo yamoyo umaposa mtengo wa firiji, sikelo ndi mashelefu zogulitsidwa pachokhapachokha.