Kodi Kukopa Pulogalamu ya Kompyuta N'kuba?

Mnyamata wina wa pa Zalewa, amene ndinamuphunzitsa ku madrasa, amajambula makaswida a ana athu. Atagula kompyuta yatsopano, pulogalamu yake yakale yojambulira mawu inakana kugwira ntchito, ndipo yamakono imafuna ndalama zina. Anandifunsa kuti: "Ustazi, ndikakopa yachinyengo kwa anzanga, ndalakwira ndani? Paja ndinalipira kale, ndipo eni ake sataya kanthu."

Funsoli si lopepuka. Wakuba mbuzi amasiya khola lapululu, pomwe wokopa amasiya zonse zili m'malo mwake. Komabe chimene mnyamatayu analipira ndi chilolezo cha pulogalamu yakale, osati thukuta la amene anakonza yatsopano. Mu 1988, ku Kuwait, maulama a International Islamic Fiqh Academy anagamula kuti Shariya imateteza ntchito za nzeru monga chuma. Lamulo la Malawi la 2016 loteteza eni luso limatetezanso mapulogalamu a kompyuta.

Ndinamulangiza kuti azisunga ndalama pang'onopang'ono, ndipo pakadali pano azijambulira Audacity, imene eni ake amapereka ulere. Ndinamukumbutsanso mmene iye mwini amadandaulira anthu akamagawana makaswida ake pafoni osamupatsa kanthu. Mawu otamanda Allah sayenera kujambulidwa ndi chida chotengedwa mwachinyengo.