Fungo la Tsamba Lakugwa

M'mapiri a ku Japan ndi ku China, makamaka m'mbali mwa mitsinje, mumamera mtengo wotchedwa katsura. Masamba ake ndi ang'onoang'ono, ooneka ngati mtima. Nyengo yonse yotentha masambawa amakhala obiriwira, ali pakalikiliki kudyetsa mtengo, koma wodutsa pansi pake samva fungo lililonse lomuimitsa. Ikafika miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kuzizira kutayamba, masamba aja amasanduka achikasu nayoyoka. Pamenepo ndi pomwe pamamveka fungo lokoma ngati la shuga wopserera pang'ono pamoto. Akatswiri a sayansi adapeza kuti fungoli limachokera ku mankhwala otchedwa maltol, amenenso amapezeka m'chimera chokazinga ndi m'khoko la buledi wongophula kumene. N'chifukwa chake Ajeremani adautcha Kuchenbaum, kutanthauza kuti mtengo wa keke.

Mtengo umenewu ukudzutsa funso lovuta. Tsamba lidagwira ntchito yaikulu lili lobiriwira, koma anthu amaliyamikira litagwa, ntchito itatha. Kodi chilungamo chilipo pamenepa?

Funsoli silikhudza masamba okha. Pali anthu amene amakalamba ali kutumikira anzawo: mayi wolera ana amasiye, mzamba wa pamudzi, mlonda wa pasukulu. Ali moyo, palibe woima kuwathokoza. Mwina amanenedwa kuti ndi ovuta, olongolola, achikale. Tsiku la maliro awo, anthu omwe aja amaimirira mmodzimmodzi kufotokoza ubwino wa malemu mpaka dzuwa kupendeka, ena misozi ili mbwembwembwe. Mwini wake wa matamandowo ali chigonere, sakumva ngakhale liwu limodzi.

Wina atha kunena kuti olirawo si achinyengo. Ubwino wina subwera poyera msanga, monga momwe fungo la katsura silifalikira mpaka tsamba litayamba kuuma. Akale adati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Mwana amene adadzudzulidwa ali ndi zaka 15 sangathe kuona phindu la chidzudzulocho kufikira naye atabereka, ndipo nthawi imeneyo womudzudzula uja amakhala atapita. Maganizo amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo si bwino kuwataya mopupuluma.

Komabe kufanana kwa tsamba ndi munthu kumathera panjira. Tsamba silidziwa kuti latamandidwa, ndiponso silidandaula likanyalanyazidwa. Munthu amadziwa. Nkhalamba imene yakhala yokha pakhonde miyezi ingapo, ana ake osabwera kudzaizonda, imamva kuwawa lero, ndipo nkhata za maluwa za mawa sizingachotse kuwawako. Kunena zoona, ambiri a iwo amene amatamanda pamaliro adaudziwa kalekale ubwino umenewo. Chimene chidawasowa ndi mpata wonena, kapena adachita manyazi, kapena kaduka kadawatseka pakamwa. Kutamanda wakufa n'kosavuta poti sapikisananso ndi munthu, sapempha mankhwala, safuna womutengera kuchipatala.

M'madera ena a kumpoto kwa Japan, anthu akale ankasonkhanitsa masamba a katsura, nawayanika, nawapera kukhala ufa umene ankafukiza ngati lubani popemphera ndi pokumbukira makolo awo. Utsiwo unkakwera pamaso pa akufa. Koma fungo lake ankalimva ndi amoyo amene adagwada m'chipindamo, ndipo ena mwa iwo adali okalamba kale.