Kodi Nkoyenera Kujambula Nkhope za Gule?

Ana ambiri obadwira ku Ndirande kapena ku Bangwe amadziwa gule wamkulu monga chirombo chothamangitsa anthu pamsewu basi. Ukawafunsa dzina la chirombocho ndi mwambo wake, angoti kukamwa yasa. Tsono pali funso lofunika kuliganizira: kodi nkoyenera kuti zinthu zotere zijambulidwe papepala, kuti aliyense azione?

Munthu amene anagwira ntchito imeneyi ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, amene anafika m'Malawi mu 1967, napatsidwa mfunda wa Chisale. Mu 1976 anayambitsa malo a zaluso a Kungoni ku Mua, m'boma la Dedza. Iye anajambula nkhope za gule ndi utoto wosungunula m'madzi, ndipo zithunzizo zinatuluka m'buku mu 2012. Chodabwitsa nchakuti ku Mua komweko, m'zaka za m'ma 1920, ansembe ndi anyau anali pa mkangano woopsa.

Ena anganene kuti ntchito yotere ndi kuulula zakudambwe. Mawu amenewa ali ndi nzeru, pakuti mwambo wosowa chinsinsi usanduka masewera, ndipo chithunzi chingathe kugulitsidwa kwa munthu wosalemekeza eni ake.

Koma nkhope ya gule siibisika. Imatuluka poyera, pabwalo, pamaso pa amayi ndi ana, chifukwa inapangidwa kuti iphunzitse. Chadzunda ndiye nkhalamba, tate wa zirombo zonse. Simoni, wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, aonetsa makhalidwe a alendo. Nkhope iliyonse ili ndi mwambo wake, ndipo mwambowo ndi wa mudzi wonse. Chifukwa chake wojambula zapabwalo salakwa. Wolakwa ndi amene alowa kudambwe nanyamula zakumeneko kupita nazo kumsika.

Utoto wamadzi nawo uli ndi phunziro. Ukangogwa papepala ulowerera, ndipo kuufafaniza nkovuta. Motero mmisiri ayenera kuyang'anitsitsa ndi kufunsa eni mwambo dzanja lisanayende, pakuti akajambula bodza, bodzalo lidzaphunzitsa adzukulu.

Akuluakulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko nkabwino, koma mutu wometedwa ndi wa mwini. Mu 2005 bungwe la UNESCO linatcha gule wamkulu chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, koma bungwe silingakhale pansi ndi mwana wa ku Chilomoni madzulo kumuuza tanthauzo la Chadzunda. Pepala lisunga maonekedwe okha.

Tsono mlandu utsalira kholo. Bambo kapena mayi amene anachoka kumudzi kudzafuna ntchito m'tauni, nadziwa miyambi ndi malangizo a kwawo, koma osauza ana ake, alibe chifukwa chokwiyira wojambula. Iyeyo ndiye ayenera kutenga chithunzicho, kuitana mwana, ndi kumufotokozera zonse zoyenera kunenedwa poyera.