Kuwerenga Buku Lachisoni N'kugona Pasiwa

Ambiri a ife tikagula buku la nthano timafuna litiseketse, apo ayi litilangize: wakuba agwidwe, mfiti iyaluke, mwana wamasiye apeze mwayi. Tsono pali mabuku ena amene ukafika tsamba lomaliza umangokhala khuma, dzanja lili patsaya, wolakwa sanalangidwe, wabwino sanalipidwe. Mabuku oterewa ndiwo ndimakonda ine, ndipo anzanga sachedwa kufunsa: "Achimwene, mavuto tili nawo kalewa sakukukwanirani, mpaka mukagule ena ndi ndalama?"

Funsoli si lachibwana, makamaka kuno ku Mangochi. Chambo chimene chinkadzaza mabwato panyanja ya Malombe chinasanduka ndiwo ya alendo a m'mahotela. Kolera ya 2022 ndi 2023 inakumbitsa manda ambiri m'boma lino. Anyamata a ku Namwera, Katuli ndi Makanjira amathamangira ku Joni, ndipo ena amabwerako ali m'bokosi. Munthu wokhala pakati pa zonsezi, n'chilungamo kodi kuti azitaya misozi pa anthu a papepala, oti sanabadweko n'komwe?

Yankho langa ndilitenga pa mwambo wathu wa maliro. Zikagwa zovuta, timasiya makasu ndi maukonde n'kupita kusiwa. Palibe amapita kumeneko poganiza kuti akadzutsa wakufayo. Timangoti "pepani", kenaka n'kukhala pansi, amayi m'nyumba, abambo panja pamoto, mpaka tambala alire. Munthu wa masamu anganene kuti usiku wonsewo wapita pachabe. Koma mudzi umadziwa kuti amene safika pamaliro ndi munthu woopsa, ndipo tsiku likadzamugwera anthu amamuyang'anira patali. Akulu anati maliro n'kulirana. Buku lachisoni ndi siwa la munthu amene si mbale wako, ndipo kuliwerenga n'kuphunzira kukhala naye pansi osathamangira kumupatsa malangizo.

Mu 1886 Anton Chekhov, dokotala wa ku Russia amene ankalembanso nthano, analemba kankhani kamene m'Chingerezi amakatcha Misery. Mkulu wina, Iona, amanyamula anthu pangolo ya hatchi mumzinda wozizira. Mwana wake wamwalira sabata yomweyo. Aliyense wokwera, Iona akuyesa kuyamba kumufotokozera, koma wina akumukalipira kuti afulumire, wina akumuseka, wina akugona. Mapeto ake akupita kukhola n'kukafotokozera hatchi yake zonse. Nkhani yathera pomwepo, basi. Komatu uyu si wakabaza wa pa Mangochi pano? Timakwera pambuyo pake kuchokera padepoti mpaka kutsidya kwa mlatho, tikuona msana wake wokha, n'kumakanganirana naye tindalama tochepa, osadziwa chimene wasiya kunyumba. M'nkhani ya Chekhov munthu mmodzi yekha ndiye akumumvera Iona mpaka kumapeto: wowerenga.

Mariama Bâ wa ku Senegal anatulutsa So Long a Letter m'Chifalansa mu 1979. Mayi wachisilamu, Ramatoulaye, ali m'nyumba pa nthawi yolira mwamuna wake, miyezi 4 ndi masiku 10, monga amachitiranso amayi ambiri kuno kwathu. Ali m'menemo akulembera kalata mnzake wa paubwana. Mwamuna akumulirayo ndi yemwe anamutaya ndi ana 12 n'kukakwatira mnzake wa mwana wawo wamkazi. Tsono akulira chiyani: mwamunayo, zaka zake zimene zinapita, kapena manyazi? Bukuli silikusankhira yankho. Ife apanja tikaona mayi wamasiye timaona nsalu ndi nkhope yogwa. Zimene akuganiza usiku onse opepesa atabalalika, mwambo sumulola kuzinena pagulu. Buku limalola.

Pafupi ndi chipilala cha wotchi pa Mangochi pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Timadutsapo tsiku ndi tsiku osaima. Nambala imatiuza kukula kwa ngozi, koma siitiuza za mayi amene anapitiriza kuyang'ana kudoko mwezi wathunthu. Ntchito imeneyo ndi ya wolemba nthano, ndipo sangaigwire akuseka.

Palinso chifukwa china chimene ife Amalawi sitiyenera kupeputsira mabuku otere. Tinakhalapo m'dziko limene chisoni chinali mlandu. M'zaka za chipani chimodzi, mtundu wonse unkayenera kuoneka wokondwa, kuvina ndi kuthokoza. Henry Masauko Chipembere atalephera kulanda boma mu February 1965, midzi ya kuno kumene anali ndi omutsatira inalawa mkwiyo wa boma, ndipo dzina lake linakhala lonong'ona mpaka iye anamwalirira ku America mu 1975. Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga ataphedwa ku Mwanza mu May 1983, abale awo sanapatsidwe ufulu wowalira monga mwa mwambo. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku. Jack Mapanje, mwana wa kwa Kadango m'boma lomwe lino, anatulutsa ndakatulo zake Of Chameleons and Gods mu 1981, ndipo mu 1987 anatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu kufikira 1991.

N'chifukwa chake Smouldering Charcoal ya Paul Tiyambe Zeleza, yotuluka mu 1992, inali yoposa nthano chabe. Mchere wogwira ntchito yophika buledi ndi Chola mtolankhani akukumana m'mavuto, onse akuthera m'ndende, ndipo Chola satulukamo wamoyo. Dziko silikutchulidwa dzina, koma Mmalawi aliyense ankalizindikira. Bukulo linali maliro amene tinaletsedwa kukhuza. Wolamulira wankhanza saopa kwambiri munthu woseka. Amaopa munthu amene wakhala chete n'kuyamba kuwerengera zimene zatayika.

Komabe tisadzinamize kuti aliyense wowerenga zachisoni ndi munthu wabwino. Pamaliro pamabwera ena odzadya nsima, ena odzaona amene walira kwambiri, kuti mawa akapeze miseche. Owerenga otero aliponso. Amakonda chisoni ngati chovala cha anthu ophunzira, amagwetsa msozi chifukwa cha Iona, buku likatsekedwa n'kukalalatira mlonda pageti. Ameneyo sanagone pasiwa, anangodzaonerera. Aliponso alembi amene amaunjika imfa pamwamba pa imfa kuti atifinye misozi, ngati wolira mokweza pamaliro a munthu amene sankamudziwa. Buku lachisoni labwino limalankhula motsitsa mawu, ndipo limasiya malo oti wowerenga aganize yekha.

Tikumbukenso kuti pasiwa sakhalitsapo mpaka kale. Limafika tsiku lometa, anthu amasesa, moto umazimitsidwa, makasu amatengedwanso. Ngati chisoni chako iwe mwini chakula mpaka tulo ndi chakudya zathawa, tseka bukulo, pita kwa anthu. Buku limaphunzitsa kumvetsera, koma silingakugwire paphewa.

Tsono mabuku otere awerengedwe motani? Mosathamanga. Wofuna kudziwa msanga kuti zithera pati adzakhumudwa, pakuti nthawi zambiri sizithera pena paliponse. Msodzi wa usipa akayatsa nyali pakati pa nyanja sakuwa kuitana nsomba, amadikira zibwere zokha kukuwalako. Werengani masamba ochepa, tsekani, lolani munthu wa m'bukumo akhale nanu tsiku lonse.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mabuku onse ndatchulawa timawapeza m'Chingerezi. Nthano zathu zambiri za m'Chichewa, kuyambira Nthondo ya Samuel Nthara ya 1933, zinakulira m'manja mwa mishoni ndi sukulu, kumene nkhani imayenera kutha ndi phunziro. Malangizo tili nawo okwanira. Chimene tikusowa ndi mlembi amene adzalembe, m'Chichewa kapena m'Chiyao, za mayi wa ku Namwera amene foni ya ku Durban inasiya kulira chaka chatha, osamuweruza, osamutonthoza ndi bodza, koma kungotilowetsa m'nyumba mwake n'kutiyalira mphasa.