Ngongole ya Mphepo

Mpikisano wa njinga umene ambiri amautchulabe kuti Argus, ngakhale dzina lake tsopano ndi Cape Town Cycle Tour, unayamba mu 1978 ndi anthu opitirira 500, pofuna kuonetsa akuluakulu a mzindawo kuti opalasa njinga nawonso akufunika njira zawo. Masiku ano anthu zikwizikwi amapalasa makilomita 109 kuchokera pakati pa mzinda, kutsika m'mbali mwa nyanja ya False Bay, n'kubwerera kudzera ku Chapman's Peak. Kupatula akatswiri owerengeka amene amanyamuka koyambirira, otsalawo ndi aphunzitsi, anamwino, makalaliki ndi agogo opuma pantchito, amene sayembekeza china koposa mendulo ndi nthawi yolembedwa pambali pa dzina lawo. Funso langa lagona pakati pa anthu oterewa.

Pamsewu wosakwera, chimene chimatopetsa wopalasa kwambiri ndi mpweya. Wotsogola amaung'amba ndi chifuwa chake, pamene womutsatira pafupi, tayala lake litatsala pang'ono kukhudza la mnzakeyo, amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Mu 2018 Bert Blocken ndi anzake a ku Eindhoven anapeza kuti m'katikati mwa gulu la okwera 121, mphamvu ya mpweya imatha kutsika mpaka 5 kapena 10 peresenti ya imene munthu amalimbana nayo ali yekha. Ku Cape nkhaniyi si yamasewera: mphepo ya kumwera chakum'mawa inalepheretsa mpikisano wonse mu 2017, ndipo ikamawomba, imam'menya wopalasa pamaso kuyambira ku Muizenberg mpaka ku Smitswinkel. N'chifukwa chake anthu osadziwana amagwirizana popanda kulankhula. Wotsogola akatopa amagwedeza chigongono, n'kupatuka, n'kubwerera kumbuyo, wina n'kutenga malo ake. Ndi chipeleganyu chopanda buku ndiponso chopanda msungichuma.

Chaka chimene ndinapalasa nawo, tinakumana anthu asanu ndi mmodzi titangodutsa Simon's Town. Asanufe tinkasinthana. Wachisanu ndi chimodzi, bambo wa malaya ofiira, nthawi yake ikakwana ankapukusa mutu, kukamwa kuli yasa, ndipo tinkamusiya kumbuyo kwathu pomumvera chisoni. Anakhala momwemo makilomita ochuluka. Titafika pa chitunda cha Suikerbossie, chotsiriza cha zitunda zikuluzikulu, potuluka ku Hout Bay, anaimirira pa mapedulo n'kutisiya ngati taima. Ndinapsa mtima mpaka ku Camps Bay.

Tsono anandibera chiyani? Sanaphwanye lamulo: m'mipikisano ya Ironman kubisala kumbuyo kwa mnzako n'koletsedwa, koma pa mpikisano wapamsewu ndiko maziko a masewerawo. Mphepo ilibe mwini. Akanakhala kuti panalibe, ndikanatulutsa thukuta lomwelo. Ndipo ofufuza amatiuza kuti wotsatira amachepetsako pang'ono mpweya wokokera wotsogola m'mbuyo, kutanthauza kuti bamboyo anandithandizako osadziwa. Pakati pa akatswiri nkhaniyi imatha msanga, pakuti wong'amba mphepo chifukwa cha mtsogoleri wa timu amalipidwa, ndipo kunamizira kutopa ndi luso lodziwika kwa onse, monga mmene wosewera bawo saululira mnzake chimene akuwerenga.

Koma ife sitinali akatswiri, ndipo panalibe malipiro. Chimene tinam'patsa bamboyo sichinali mphepo yochepa chabe; tinam'khululukira nthawi yake chifukwa tinakhulupirira nkhope yake. Ngati nkhopeyo inali yonama, anagwiritsa ntchito chifundo chathu monga chida, ndipo amene adzalipire ndi wofooka weniweni wa chaka chamawa, amene tidzam'yang'ane ndi diso lokayika. Apa ndinaganiza kuti mlandu watha: kubisala si kulakwa, cholakwa ndi bodza.

Patapita masiku maganizowa anayamba kundivuta, pakuti bodzalo ndinalibe nalo umboni. N'kutheka kuti ku Smitswinkel analidi wotheratu, ndipo anatsitsimuka chifukwa cha mthunzi wathu womwewo. Nanga mthunziwo tinam'patsiranji ngati si kuti atsitsimuke? Ndikakwiya poona kuti mankhwala anga achiza, ndiye kuti mphatso yanga inali ndi chingwe chimene sindinachitchule: ndikuthandiza, bola ukhale kumbuyo kwanga. Chifundo chotere chimafuna wovutika asasiye kuvutika, ndipo tachiona m'malo ambiri kumene kulibe njinga n'komwe. Wina anganene kuti atamva mphamvu zikubwerera anayenera kutsogolako kaye, ndipo ndikuvomereza. Chimenecho ndicho ndikumuimba nacho mlandu mpaka lero. Komabe ndi mlandu wochepa kusiyana ndi umene ndinanyamula potsika ku Camps Bay.

Palinso china chimene mkwiyo unandiiwalitsa. Tisanakumane asanu ndi mmodzife, ndinali nditapalasa kuchokera ku Muizenberg m'kati mwa chigulu cha anthu ambiri, osatsogolako ngakhale kamodzi. Amene ankang'amba mphepo kutsogoloko sindinawaone nkhope, ndipo sindinadzimve kuti ndine wakuba. Zikuoneka kuti ngongole ndinkaiwerenga pokhapokha wongongoledwa ndili ine, kapena pamene gulu lachepa moti tingathe kuwerengana.

Pomaliza pa mpikisano ku Green Point ndinamupeza bamboyo atakhala paudzu, atavula nsapato, mendulo ili m'khosi. Anandizindikira, anakweza botolo lake la madzi n'kundiuza m'Chingerezi kuti popanda ife sakanafika. Ndinagwirana naye chanza. Ndinafuna kumufunsa ngati ku Smitswinkel anali wotopadi, koma anali atayamba kale kuimbira foni kwawo.