Manja Anga Anandikana, Mulungu Sanandikane

Ine ndine mmisiri womanga nyumba kuno ku Chonde, ndipo sindingakhale chete pa zimene Mulungu wandichitira.

Namondwe Freddy atagwetsa nyumba zambiri muno m'boma la Mulanje mu Marichi 2023, ntchito yomanga inachuluka kwambiri. Nthawi yomweyo ndi imene manja anga anandikana. Kunayamba kuyabwa pakati pa zala, kenako matuza, kenako khungu linauma n'kumang'ambika mpaka kutuluka magazi. Nsima yotentha sindinkatha kuitema, mayi a kunyumba ankachita kundipatsa supuni ngati mwana.

Ena ankati ndi mphere, ena ankati amisiri anzanga andilodza chifukwa cha nsanje. Ndalama nazo zinkangopita. Chipatala cha boma n'chaulere, inde, koma minibasi si yaulere, ndipo mafuta opaka akatha amakulembera kuti ukagule kufamase. Tsiku lopita kuchipatala ndi tsiku losalandira kanthu. Bwana wina atatopa kundidikira anapereka nyumba yake kwa mmisiri wina. Mbuzi tinagulitsa, mwana anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Usiku ndinkapemphera ndikudzikanda.

Amayi a mumpingo mwathu ndiwo anasonkha ya thiransipoti kuti ndikafike kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko dokotala wa khungu atayang'ana manja anga anafunsa kuti, "Bambo, mumagwira ntchito yanji? Mukapuma, zimachepa?" Zinkachepadi! Anandifotokozera kuti simenti yonyowa imawotcha khungu, komanso muli mankhwala otchedwa chromium amene thupi likayamba kudana nawo silisiya. Si ufiti, ndipo matendawa sapatsirana. Mawu amenewo anandimasula, chifukwa anthu anali atayamba kuopa kundipatsa moni wa m'manja.

Anandipatsa mafuta, nandilangiza kuti ndisakhudzenso simenti ndi manja. Ndinalira, poti ndiyo ntchito yokhayo imene ndinkaidziwa. Koma Ambuye anali atakonza kale njira. Lero ndimayeza maziko, kukoka chingwe ndi kukhoma madenga, pamene anyamata amene ndikuwaphunzitsa ndiwo amakanda simenti ndi kupaka pulasitala. Palibe amene amagwira fosholo pa ntchito yanga osavala magolovesi ndi jombo, ngakhale amadandaula kuti zikuwatentha. Mwana uja anabwerera kusukulu, ndipo chakhumi ndikuperekanso. Ambuye alemekezeke!