MAFUTA ENA MU NSUPA

Kuwerenga: Mateyu 25:1-13, Yakobo 4:13-15



Fanizo la anamwali khumi timalidziwa kuyambira ku Sande Sukulu, koma tiyeni tiliyang'anenso. Onse khumi anali ndi nyali. Onse anaodzera nagona tulo, ochenjera omwe. Nanga anasiyana pati? Asanu anadalira mafuta a m'nyali okha, ngati kuti mkwati sangachedwe. Asanu enawo ananyamula mafuta ena mu nsupa. Ndipo mkwati anachedwadi, mpaka pakati pa usiku.

Ambuye Yesu ananena fanizoli kuti tikhale okonzeka pa kubweranso kwake, ndipo ichi ndicho chiphunzitso chake chachikulu. Koma mai amene waphunzira kudikira Ambuye ayenera kuonetsa nzeru yomweyo pa nchito za Chigwirizano. Pa nchitozi, mafuta a mu nsupa ndiwo masiku apadera amene timaonjezera pokonza ndondomeko.

Tinene kuti mwapangana kumanga khichini pa mpingo. Amai mlembi awerenga: kuumba njerwa masabata 2, kuuma masabata 2, kuotcha sabata imodzi, kumanga ndi kukhoma malata masabata 3. Zonse pamodzi masabata 8. Mukuti tiyambe mu Sepitembala, titsirize mvula ya Novembala isanagwe. Papepala zaoneka bwino. Koma m'masabata 8 amenewa, tsiku la maliro lili pati? Ngolo yotuta nkhuni ikathyoka? Mmisiri akadwala malungo? Ndalama za simenti zikachedwa chifukwa ogula chimanga sanalipire? Chizimalupsa chikagwa mu Okutobala njerwa zisanalowe mu uvuni, thukuta lonse lija lisanduka matope. Azimai a m'tauni nawonso akumbukira chaka cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maora ambiri pa tsiku. Telala wa makina a magetsi amene analandira nsalu za yunifolomu msonkhano utayandikira, akanatha bwanji?

Choyamba, kusiya masiku apadera ndiko kudzichepetsa. Ena amati kuganizira zovuta ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Ai, amai. Yakobo akudzudzula anthu amene amakonza za chaka chonse ngati kuti mawa lili m'manja mwao. Ife timakonda kunena kuti "Mulungu akalola" potseka msonkhano, koma pepala lathu silisiya ngakhale tsiku limodzi loti Mulungu alamule mwina. Pamenepo pakamwa pavomereza, koma ndondomeko yakana.

Chachiwiri, masiku apadera amasunga chikondi. Ndondomeko ikathina, mtima nawonso umathina. Mnzathu akaferedwa, timayamba kuwerenga masiku amene maliro atidyera m'malo molira naye. Mai amene wagonera ku chipatala ndi mwana wodwala timamunena kuti ndi waulesi. Amai mtsogoleri ndi amai msungichuma amayamba kulozana zala, ndipo ena amaleka kubwera ku mapemphero. Kodi tapindulanji ngati khichini yatha, koma amene tikanaphikira nawo m'menemo tayambana nawo? Dzina lathu ndi Chigwirizano. Tisalole kuti tsiku limene tinasankha tokha litigawanitse.

Chachitatu, nthawi sibwerekedwa pa mapeto. Anamwali opusa anapempha mafuta nyali zikuzima, koma anzao analibe owagawira. Anathamangira kwa ogulitsa, ndipo pobwera anapeza chitseko chotseka. Ndalama ikaperewera, mpingo ungasonkhenso. Sabata ikaperewera, palibe amene angakubwerekeni. Pothamanga timamangira njerwa zosapsa, ndipo chipupa chimang'ambika. Akulu anati kuthamanga sikufika.

Tsono tichite chiyani? Pa masabata 4 alionse a nchito, onjezeranipo sabata imodzi, ndipo muilembe m'buku kuti onse adziwe. Funsani azimai achikulire amene anagwirapo nchito yotere kuti anachedwa pati. Telala kapena mmisiri mupangane naye tsiku lotsiriza limene lili kutali ndi tsiku la mwambo. Ndipo chenjerani: masiku apadera si chilolezo choyamba mochedwa. Anamwali ochenjera sanathire mafuta a mu nsupa kukali masana. Ngati palibe chovuta chagwa, mudzatsiriza msanga ndi kupumula, ndipo kupumula nakonso ndi mphatso ya Mulungu.

Funso lokambirana pa Chigwirizano: Pa nchito imene tili nayo chaka chino, tasiya masiku angati a zosayembekezeka?

Pemphero: Atate wathu wakumwamba, nthawi zonse zili m'manja mwanu. Tikhululukireni pamene takonza zinthu ngati kuti mawa ndi lathu, ndi pamene takhumudwitsa anzathu chifukwa cha changu. Tipatseni nzeru yosunga mafuta mu nsupa, kuti zochedwetsa zikadza tisataye mtendere, ndipo Mwana wanu akadzabwera atipeze nyali zikuyaka. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.